Uta sukhala chikokere: phunziro la kupumula, masewera ndi foni zathu

Akhristu anzanga, phunziro la sabata ino ndi la nkhani imene sitiikamba kawirikawiri: zimene timachita tikaweruka kuntchito, kusukulu kapena ku geni. M'tauni muno ambirife timadzuka kusanache, kulimbirana minibasi, kugwira ntchito tsiku lonse, n'kufika pakhomo dzuwa litalowa. Tikakhala pansi, dzanja limapita lokha ku foni. Pakatha maola awiri kapena atatu timagona maso akuwawa, mtima uli m'mwamba, ndipo m'mawa timadzuka otopa ngati sitinagone. Funso ndi ili: ngati nthawi yonseyo timati tikupumula, bwanji kutopako sikukutha?

Nkhaniyi si yaing'ono. Munthu amene sapumula bwino amapsa mtima msanga, amakalipira ana popanda chifukwa, amalakwitsa pa ntchito, ndipo ngakhale pa Misa thupi limakhala pa benchi koma maganizo ali kwina. Mabanja ena akugwedezeka popanda mowa kapena chibwenzi, kungoti bambo ndi mayi amakhala m'chipinda chimodzi aliyense atayang'ana kagalasi kake.

Kutopa kuli pawiri

Pali kutopa kwa thupi ndiponso kutopa kwa maganizo. Amene wasenza matumba a simenti tsiku lonse akadya ndi kugona, thupi limabwerera m'chimake. Koma mphunzitsi, namwino, wogulitsa pa msika kapena wogwira ntchito pa kompyuta amaweruka mutu utadzaza ndi mawu a anthu, masamu a ndalama ndi nkhawa ya lendi ndi fizi. Kutopa kotereku kugona kokha sikukuthetsa. Maganizo amafuna chinthu china chowamasula.

Malembo amadziwa kutopa konseku. Pa 1 Mafumu 19 timamva za mneneri Eliya atathedwa nzeru m'chipululu mpaka kupempha imfa. Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anamusiya agone, namutumizira chakudya ndi madzi kawiri konse, ndipo atapeza mphamvu m'pamene anayankhula naye pa phiri la Horebu. Pa Marko 6 atumwi atabwerako kumene anatumidwa, anthu atawapanikiza mpaka kusowa mpata wodyera, Ambuye Yesu anawatenga kupita nawo kwa okha kuti akapumule. Papa John Paul II, amene ali mnyamata ankakonda kugwira pagolo ndipo sanaleke kukwera mapiri ngakhale atakhala Papa, analemba kalata ya Dies Domini mu 1998 yokumbutsa akhristu kuti Lamulungu ndi tsiku la Misa komanso la kupumula, la banja ndi la chimwemwe.

Phunziro la uta

Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene anamwalira mu 1274, anafunsapo ngati m'masewera mungakhale ukoma. Yankho lake linali lakuti inde. Iye anati monga thupi limafuna kupuma chifukwa mphamvu zake zili ndi malire, mzimunso umatopa, ndipo mpumulo wa mzimu ndi chisangalalo. Pofotokoza izi anabwereza nkhani yakale ya Yohane Mtumwi. Anthu ena anakhumudwa atamupeza akusewera ndi ophunzira ake. Yohane anauza mmodzi wa iwo, amene anali ndi uta, kuti aponye muvi. Ataponya kangapo, anamufunsa ngati angapitirize chomwecho osalekeza. Munthuyo anayankha kuti utawo ungathyoke. Yohane anati maganizo a munthunso angathyoke ngati samasulidwa.

Aquinas anafika mpaka ponena kuti munthu wosaseka konse, amene amalemetsa anzake ndi nkhope yake yokwinya, nayenso akulakwa. Koma anaika malire atatu: chisangalalo chisakhale m'zinthu zonyansa kapena zopweteka ena, chisatichotsere ulemu ndi nzeru zathu, ndipo chigwirizane ndi nthawi, malo ndi anthu amene tili nawo. Malire amenewa analembedwa zaka zoposa 700 zapitazo, koma akukwanira bwino poyesa zimene zili m'foni zathu lero.

Chifukwa chake bawo, dimba ndi kwaya zimakhazika mtima pansi

Taonani madoda awiri pa bawo pansi pa mtengo wa mango. Pa thabwa pali maenje 32 ndi njere 64, palibenso china. Komabe munthu amakhala maola awiri osakumbuka ngongole yake, chifukwa mutu wonse uli pa kuwerenga maenje ndi kuyerekeza zimene mnzakeyo achite. Akadzuka pamenepo amakhala wopepukidwa.

Katswiri wa za maganizo a anthu, Mihaly Csikszentmihalyi, wochokera ku Hungary koma amene anagwira ntchito ku America, anatha zaka zambiri akufunsa anthu osewera chess, okwera matanthwe, ojambula zithunzi ndi madokotala ochita opaleshoni za nthawi imene amasangalala kwambiri ndi zimene akuchita. M'buku lake lotchedwa Flow la mu 1990 anafotokoza kuti munthu amamira m'chinthu n'kuiwala nthawi pakakhala zinthu zitatu. Choyamba, cholinga chimaoneka bwino. Chachiwiri, munthu amaona pompopompo ngati wachita bwino kapena walakwitsa. Chachitatu, chinthucho chimakhala chovuta molingana ndi luso lake: chikaphweka kwambiri amanyong'onyeka, chikavuta kwambiri amataya mtima.

N'chifukwa chake mayi woluka juzi kapena mphasa, mnyamata wophunzira gitala, bambo wothirira mpiru ndi tomato m'matumba kuseri kwa nyumba, ndi mtsikana wa ntchemberembaye amabwerako ali otsitsimuka ngakhale thupi latopa. Manja ali pa ntchito, maso akuona zipatso zake, ndipo nkhawa ilibe polowera. Kukwaya n'chimodzimodzi: woyimba tenala ayenera kumvera anzake, kupuma pa nthawi yake ndi kugwira mawu ake, ndipo maganizo sangathe kuchita zonsezi uku akuwerenga ngongole.

Zosangalatsa zotere zili ndi china chimene tiyenera kuchiona bwino: zimatha. Gemu ya bawo imafika pamapeto. Mpira umatha pa mphindi 90, kaya Bullets yapambana kaya ndi Wanderers. Bedi la masamba likathiriridwa, lathiriridwa. Mapeto amenewo ndi amene amatibweza kwa banja lathu ndi ku ntchito zathu.

Zolimbitsa thupi nazonso zili ndi gawo lake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko ndi kuyenda ndawala theka la ola masiku asanu. Sizifuna ndalama. A ku Blantyre ali ndi mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru pakhomo pawo, a ku Zomba phiri lili pamphuno, ndipo kulikonse kuli bwalo la sukulu kumene anthu angathamange kapena kumenya chikopa Loweruka m'mawa.

Foni si mdani

Tisaname kuti zonse za pa intaneti n'zoipa. Agogo ambiri akuona nkhope za adzukulu awo a ku Johannesburg kapena ku Leeds kudzera pa WhatsApp. Pa YouTube anthu aphunzira kuphika keke, kusoka, kukonza njinga ndi kuimba kiyibodi popanda kulipira mphunzitsi. Makwaya athu amatumizirana nyimbo zoti aphunzire Lamulungu lisanafike. Odwala amene sangathe kufika kutchalitchi amamvera Radio Maria kapena kuonera Luntha TV. Wokonda chess kapena draft akhoza kupeza womenyana naye nthawi iliyonse, ndipo gemu yotero ili ndi zonse zitatu zija: cholinga, zotsatira zooneka, ndi mpikisano wolingana ndi luso. Ngakhale kavidiyo koseketsa kamene mlongo wanu wakutumizirani mutaweruka muli okhumudwa kali ndi ntchito yake.

Choncho funso si lakuti foni kapena ayi. Funso ndi lakuti: ndikaiika pansi, ndikukhala wotani? Pali zosangalatsa zimene zimatibweza tili amphamvu, ndipo pali zina zimene zimangotidyera nthawi n'kutisiya opanda kanthu.

Mmene mapulogalamu ena anapangidwira

Tikamalephera kusiya foni timadziweruza kuti ndife ofooka. Kufooka kulipo, koma n'kofunikanso kudziwa kuti mapulogalamu ambiri aulere amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa. Tikakhalapo nthawi yaitali, timaona malonda ambiri, ndipo eni ake amapindula. Choncho anawapanga mwadala kuti tisachokepo msanga.

Njira imodzi ndi tsamba losatha. Kale ukawerenga za pa intaneti unkafika pansi pa tsamba n'kusankha ngati upitirire. Mu 2006 katswiri wina wa ku America, Aza Raskin, anakonza njira yakuti chala chikamakankha, zatsopano zizingobwera popanda mapeto. Patapita zaka iye mwini ananena poyera kuti amadandaula ndi mmene luso limeneli lagwiritsidwira ntchito. Bawo ili ndi mapeto, tsamba la Facebook kapena TikTok lilibe.

Njira ina ndi mphotho yosadziwika nthawi yake. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wotchedwa B. F. Skinner ankayesa nkhunda m'mabokosi. Nkhunda ikajompha kabatani, chakudya chinkatuluka. Anapeza kuti chakudya chikamatuluka mwa apo ndi apo, mosadziwika kuti chituluka liti, nkhundayo inkajompha mosalekeza ndipo inkachedwa kuleka ngakhale chakudyacho chitasiya kubwera. Ifenso timakankha mavidiyo khumi osasangalatsa chifukwa mwina wachikhumi ndi chimodzi atiseketsa. Timatsegula foni kambirimbiri kuti tione ngati wina wayankha chithunzi chathu.

Kuwonjezera apo pali nkhani ya tulo. Thupi limatulutsa timadzi totchedwa melatonin kukada, ndipo timeneti ndi timene timaliuza kuti nthawi yogona yakwana. Kuwala kwambiri usiku kumachedwetsa timadziti. Koma choposa kuwalako ndi zimene tikuona: mikangano ya ndale m'magulupu, zithunzi za ngozi, ndi moyo wapamwamba wa anzathu umene umatichititsa kudziona olephera. Tikumbuke kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: munthu amajambulitsa galimoto, sajambulitsa ngongole yake. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo ambirife maola amenewa tikuwapereka kwa foni.

Kubetcha si kupumula

Apa ndiyenera kunena mosabisa, makamaka kwa achinyamata anzanga ndi abambo. Kubetcha pa mpira ndi masewera a kandege zalowa m'foni zathu zitavala malaya a zosangalatsa, ndipo ndalama zimachoka mosavuta chifukwa zili m'foni momwemo. Tiyeni tione masamu ake. Tiyerekeze kuti matimu awiri ali ndi mwayi wofanana ndipo palibe kufanana mphamvu. Anthu 100 abetcha K1,000 aliyense, 50 mbali iyi, 50 mbali inayo. Kampani yatolera K100,000. Kukanakhala kugawana mwachilungamo, wopambana aliyense akanalandira K2,000. Koma kampani imapereka mwina K1,900. Ikalipira anthu 50 aja yatulutsa K95,000, ndipo K5,000 yatsala nayo, kaya yapambana ndi timu iti. Umu ndi mmene bizinesi yonseyi imayendera. Munthu mmodzi akhoza kuwina lero, koma akamabetcha nthawi yaitali masamu amamutsutsa.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwayi pa okha sali osemphana ndi chilungamo, koma amasanduka tchimo pamene alanda munthu zimene iye kapena banja lake akufunikira, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha njuga chingasanduke ukapolo. Ndalama ya ndiwo, ya lendi kapena ya fizi ikapita ku kandege, malirewo adumphidwa. Chizindikiro china n'chapafupi: amene wabetcha saoneranso mpira mosangalala. Amaonera mtima ukugunda, akutukwana wosewera amene wamuphonyetsa. Chimene chinali mpumulo chasanduka ntchito yachiwiri yopanda malipiro. Ngati mwayamba kubetcha kuti mubweze zimene munaluza, kubisira akunyumba kwanu, kapena kutenga katapila, musalimbane nazo nokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, kaya Bambo Mfumu, kaya mlangizi kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga.

Za ana athu

M'mera mpoyamba. Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa TV kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana wamng'ono amaphunzira kuyankhula poyang'ana nkhope ya munthu amene akumuyankha, ndipo foni singamuyankhe. M'chaka chomwecho bungweli linavomereza kuti kukodwa m'magemu a pa kompyuta ndi pa foni ndi vuto la umoyo. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulephera kudziletsa, kuika magemu patsogolo pa sukulu, chakudya ndi anthu, ndi kupitirizabe ngakhale mavuto akuoneka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Ana ambiri osewera magemu safika pamenepa, choncho makolo tisachite mantha ndi gemu iliyonse. Koma tidziwe zoyang'ana.

Kulanda foni popanda kupereka china m'malo mwake sikuthandiza. John Bosco Woyera, amene anamwalira mu 1888, ali mwana anaphunzira kuyenda pa chingwe ndi kuchita timatsenga ta m'manja kuti asonkhanitse anzake, ndipo atakhala wansembe ku Turin anaika bwalo la masewera pakati penipeni pa ntchito yake yolera anyamata. Ankafuna kuti aphunzitsi azikhala pabwalo pamodzi ndi ana, azikonda zimene anawo amakonda. A Salesian amene ali ku Area 23 ku Lilongwe akupitiriza njira yomweyo. Mwana amene bambo ake amuphunzitsa bawo, kapena amene mayi ake amupatsa kabedi kake ka masamba, amakhala ndi china chothamangira kupatula foni. Ndipo anawo amaonera ife. N'kovuta kuuza mwana kuti asiye foni pa nthawi ya chakudya ife tikudya ndi dzanja limodzi.

Chitsanzo cha Carlo Acutis

Carlo Acutis anabadwira ku London mu 1991, anakulira ku Milan, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006 ali ndi zaka 15. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Carlo sanali mnyamata wothawa makina. Ankakonda mpira, agalu ake ndi magemu a PlayStation, ndipo anadziphunzitsa luso la kompyuta mpaka kupanga tsamba la pa intaneti losonkhanitsa zozizwitsa za Ukaristia za m'maiko osiyanasiyana. Mayi ake amafotokoza kuti anadziikira yekha malire osewera magemu ola limodzi pa sabata. Phunziro lake si nambala ya maolawo. Phunziro n'lakuti iye ndi amene ankalamula makinawo, ndipo nthawi yambiri imene ankakhala pa kompyuta ankapanga chinthu, osati kungomeza zopangidwa ndi ena.

Zoti tiyese sabata ino

Yambani ndi kudziwa choonadi. Foni zambiri za Android zili ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing, ndipo za iPhone zili ndi Screen Time. Pamenepo mupeza maola amene mwathera pa pulogalamu iliyonse. Munthu wotha maola atatu pa tsiku amatha maola 21 pa sabata, pafupifupi tsiku lathunthu.

Kenako ikani mapeto pamene palibe mapeto. Musanatsegule, nenani kuti ndikhalapo mphindi 20, ndipo tcherani alamu. Zimitsani timabelu ta magulupu osafunika kuti foni isamakuitaneni yokha.

Sankhani malo awiri opanda foni: pa chakudya ndi pa bedi. Itchajeni pabalaza, ola limodzi musanagone.

Bwererani ku chinthu chimodzi chimene munkakonda kuchita ndi manja, miyendo kapena mawu. Ngati chinali kuluka, funani singano. Ngati inali kwaya, bwerani pa tsiku lophunzira nyimbo. Musadikire kuti mukhale katswiri, ndipo musafulumire kuchisandutsa geni, chifukwa chikayamba kuwerengedwa phindu chasiya kukhala mpumulo.

Pomaliza, lero tikatuluka m'tchalitchi muno, patulani maola awiri a masana kuti muchite chinthu chosangalatsa pamodzi ndi ena: kuyenda ndi ana, kumenya bawo ndi oyandikana nawo, kapena kukacheza ndi agogo amene akhala okha sabata yonse. Tikumbukenso antchito a m'nyumba zathu ndi alonda a pa geti. Nawonso ndi uta umene ungathyoke, ndipo mpumulo wa Lamulungu ndi wawonso.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Ndi chinthu chiti chimene mukachita mumaiwala nthawi n'kubwerako muli opepukidwa? Munachichita liti komaliza?

2. Mwa malire atatu a Thomas Aquinas Woyera, ndi ati amene timawadumpha kawirikawiri m'magulupu athu a WhatsApp?

3. Kodi mphakati wathu ungathandize bwanji banja limene lavutika ndi kubetcha, popanda kulichititsa manyazi?

4. Ndi masewera kapena luso liti limene akuluakulu a mphakati uno angaphunzitse ana mwezi uno, ndipo ndani ayambe?